"Ndangotumidwa": moyo wa General Howard wa mkono umodzi

Pa ofesi ina imene ndinagwirako ntchito zaka zapitazo, tsiku lina abwana anandiitana n'kundipatsa maenvulopu oti ndikagawire anzanga. Zimene zinali m'katimo ndinkazidziwa, chifukwa makalatawo ndinataipa ndine. Ndalama za pulojekiti zinali zitatha, ndipo ena mwa ife ntchito inathera pomwepo. Mayi wina amene tinkadyera limodzi nkhomaliro kuseri kwa ofesi atawerenga kalata yawo anangondiyang'ana, osanena kanthu. Amene analephera kukhala chete ndine. Ndinati, "Pepani mayi, ine ndangotumidwa." Sindinaname ayi. Koma mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo manyazi amandigwira.

Mayi aja ndinawakumbukira nditayamba kuwerenga za Oliver Otis Howard, mmodzi wa akuluakulu a asilikali pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ija ya 1861 mpaka 1865. Ambiri amene anamvapo dzina lake analimvera pa Howard University ya ku Washington. Ine chimene chinandikoka n'china. Munthuyu anali wopemphera, wosamwa mowa, wolimba mtima mosakayikitsa, koma kawiri konse pa moyo wake anaima pamaso pa anthu opanda mphamvu n'kuwauza kuti achoke pamalo awo. Ndipo maulendo onse awiri iye mwini anali atanenapo kale kuti malowo ndi oyenera anthuwo.

Howard anabadwa mu 1830 ku Leeds, kamudzi ka alimi m'chigawo cha Maine, kumpoto kwenikweni kwa dzikolo. Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka 9. Anaphunzira ku Bowdoin College, kenako kusukulu ya usilikali ya West Point kumene anamaliza mu 1854 ali nambala 4 m'kalasi mwake. Mu 1857, ali pa ntchito ku Florida, anatembenuka mtima, ndipo chikhristu chake sichinali chobisa. Ankagawa timapepala ta uthenga wabwino, ankadzudzula otukwana, mpaka ankalingalira zosiya usilikali kuti akhale mbusa. Nkhondo itabuka anali akuphunzitsa masamu ku West Point komweko. Anasiya choko n'kukatsogolera gulu la asilikali a kwawo ku Maine, ku mbali ya kumpoto imene inkamenyera kuti dziko lisagawanike.

Pa 1 Juni 1862, pa nkhondo ya ku Fair Oaks pafupi ndi Richmond, zipolopolo ziwiri zinamulasa pa mkono wamanja ndipo madokotala anaudula. M'mawa mwake anakumana ndi General Philip Kearny, amene anataya mkono wamanzere kalekale pa nkhondo ya ku Mexico, ndipo awiriwa anaseka kuti kuyambira tsikulo azigulira limodzi magolovesi, wina atenge lamanja wina lamanzere. Patangotha miyezi itatu Howard anali atabwerera ku nkhondo. Za mantha, palibe anamunenapo.

Zimene anamunena n'zina. Mu Epulo 1863 anapatsidwa gulu lalikulu lotchedwa XI Corps, limene asilikali ake ambiri anali ochokera ku Germany. Anthuwa ankakonda mtsogoleri wawo wakale, Franz Sigel, ndipo sanasangalale kulandira munthu wobwera ndi mapemphero komanso wodana ndi mowa. Patangotha mwezi umodzi, pa 2 Meyi, ku Chancellorsville, akuluakulu ake anamuchenjeza kuti adani angathe kudzera kumbali kwake. Iye sanakonzekere mokwanira. Madzulo, asilikali ake akuphika chakudya, mfuti ataziunjika pambali, anangoona agwape ndi akalulu akutuluka m'nkhalango mothamanga. Kumbuyo kwa nyamazo kunali Stonewall Jackson, mmodzi wa akuluakulu a nkhondo a mbali ya kummwera, ndi asilikali oposa 25,000 amene anayenda mozemba tsiku lonse. Gulu la Howard linabalalika. Iye anapanira mbendera ndi kachitsa ka mkono wake uja, ali pa hatchi, n'kumakuwa kuti anthu ake aime, koma amene anamumvera anali ochepa. Usiku womwewo Jackson anawomberedwa mwangozi ndi asilikali ake omwe, nayenso anadulidwa mkono, ndipo anamwalira patapita masiku 8.

Ku Gettysburg, pa 1 Julayi chaka chomwecho, gulu lake linathamangitsidwanso mpaka kudutsa m'tauni. Koma tsikulo Howard anachita chinthu chimodzi chanzeru: anasiya asilikali ena ndi mizinga pa kaphiri kotchedwa Cemetery Hill, ndipo othawawo anapeza pokaima. Kaphiri kameneko n'kamene kanakhala msana wa asilikali a kumpoto masiku awiri otsatirawo mpaka anapambana. Nyumba ya malamulo inamuthokoza, ngakhale anzake ena ankang'ung'udza kuti ulemuwo unali wa General Hancock. Mbiri ya Howard inadzakonzeka atamutumiza kumadzulo, kumene anagwira ntchito pansi pa General William Sherman. Awiriwa anali osiyana ngati usiku ndi usana, Sherman wa pakamwa posasamba, Howard wa Baibulo m'thumba, koma Sherman anapeza mwa iye chimene mtsogoleri aliyense amafuna: munthu woti ukamutuma amachita zomwezo. James McPherson ataphedwa pafupi ndi Atlanta mu Julayi 1864, Sherman anadumpha ena n'kupatsa Howard gulu lonse limene McPherson ankatsogolera, lotchedwa Army of the Tennessee. Ndi iye amene anatsogolera mbali ya kumanja pa ulendo wotchuka uja wochoka ku Atlanta kukafika kunyanja ku Savannah.

Ku Savannah n'kumene nkhani ya malo inayambira. Pa 12 Januwale 1865, Sherman ndi nduna yoona za nkhondo, Edwin Stanton, anakumana ndi atsogoleri 20 a mipingo ya anthu akuda n'kuwafunsa chimene anthu awo ankafuna. Wowayankhulira, Garrison Frazier, mbusa wa Baptist wa zaka 67 amene anachita kudzigula yekha mu ukapolo, anayankha mosazungulira kuti njira yoti adzisamalire okha ndi kukhala ndi malo n'kumalima ndi manja awo. Patangopita masiku 4 Sherman anatulutsa lamulo lopatula zilumba ndi dera la m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Charleston mpaka ku mtsinje wa St. Johns ku Florida, kuti mabanja a akapolo omasulidwa apatsidwe maekala osapitirira 40 banja lililonse. Eni minda ya thonje ndi mpunga anali atathawa. Pofika pakati pa chakacho anthu pafupifupi 40,000 anali atakhazikika pa maekala pafupifupi 400,000, atadzala mbewu zawo, pa nthaka yomwe makolo awo anaithirira thukuta osalipidwa.

Nkhondo ili pafupi kutha, mu Malichi 1865, boma linakhazikitsa bungwe lotchedwa Freedmen's Bureau loti lisamalire anthu pafupifupi 4 miliyoni amene ankatuluka mu ukapolo, ndipo mu Meyi Howard anasankhidwa kukhala mkulu wake. Anali ndi zaka 34. Sherman anamulembera kalata yomuchenjeza kuti sangathe kukwaniritsa ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a zimene anthu ankayembekezera ku bungwelo. Lamulo lokhazikitsa bungweli linalola kugawa malo osiyidwa ndi oukira boma, ndipo m'manja mwake munali maekala oposa 800,000. Mu Julayi Howard analamula antchito ake kuti ayambe kugawa maekala 40 aja mofulumira.

Koma Pulezidenti Abraham Lincoln anali ataphedwa mu Epulo, ndipo pampando panali Andrew Johnson wa ku Tennessee, amene sankafuna kumva za munthu wakuda wokhala ndi munda wake. Johnson ankakhululukira eni minda a kummwera mwaunyinji, ndipo chikhululukirocho chinkabwera ndi katundu wawo yense kupatula akapolo. Mu Sepitembala anakakamiza Howard kuchotsa lamulo lake lija. Kenako anamutuma iye mwini kuti akauze anthu a m'zilumba zija kuti abweze malo.

Apa ndi pamene ndimaima nthawi yaitali ndikamawerenga. Mu Okutobala 1865 Howard anafika pa chilumba cha Edisto ku South Carolina. Anthu anadzaza tchalitchi mpaka ena kunja. Mphekesera inali itafika kale, choncho munali phokoso ndi mkwiyo, mpaka mayi wina anayambitsa nyimbo ya chisoni, imodzi mwa zija akapolo ankaimba m'minda, ndipo tchalitchi chonse chinaivomera. Atatha, General wa mkono umodzi uja anaimirira n'kuwauza kuti malo abwerera kwa eni ake akale, kuti iwo asaine mapangano a ntchito, ndiponso kuti akhululukire amene anawalakwira. Anthu anakuwa kuti ayi, sizingatheke.

Amuna atatu amene anthuwo anawasankha, Henry Bram, Ishmael Moultrie ndi Yates Sampson, anamulembera kalata imene ilipo mpaka lero. Ndi kalata yaulemu, koma yobaya. Anamukumbutsa kuti boma ndilo linawalonjeza malo. Anati ngati boma likuyanjana ndi amene dzulo anali adani ake n'kuiwala amene anakhala okhulupirika kwa ilo, ndiye kuti likuwasiya pamavuto oposa akale. Pa za kukhululuka, mmodzi wa iwo analemba kuti General anataya mkono wokha pa nkhondo ndipo mwina angathe kukhululuka, koma iye akuuzidwa kukhululukira munthu amene anamumangirira pamtengo n'kumukwapula zikoti 39, amene anavula ndi kukwapula mayi ake ndi mlongo wake, ndipo lero sakumulola kukhala m'kanyumba kopanda munthu pokhapokha amulimire pa mtengo umene iye wanena.

Amene anamvapo agogo akusimba za thangata m'maesiteti a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu sakufunika kumasuliridwa chiganizo chomalizacho. Ukhale pano, koma lendi yako ndi khasu lako. Kummwera kwa America zinathera komweko: mabanja ambiri a anthu akuda analowa m'dongosolo lolima munda wa mwini malo n'kugawana naye zokolola, ngongole ya kusitolo ikuwadikira chaka ndi chaka, ndipo ena anakhala momwemo mpaka zidzukulu.

Howard sanachite zimenezi mokondwa. Anatumiza uthenga kwa Stanton, anayesa kuchedwetsa zinthu, analangiza anthuwo kuti akadandaule ku nyumba ya malamulo. Atakalamba anadzifunsa yekha polemba za moyo wake chifukwa chimene sanatulire pansi udindo, ndipo yankho lake linali lakuti ankayembekezerabe kuti mwanjira ina adzawathandiza anthuwo. Yankho limeneli ndimalidziwa bwino, chifukwa ndi limene tonse timadzipatsa: ndikachoka ine adzabwera woipitsitsa. Nthawi zina zimakhala zoona. Koma panali munthu wina pansi pake, General Rufus Saxton, amene ankayang'anira kagawidwe ka malo m'zilumbazo. Saxton anakanirira, n'kumazengereza kubweza malo, mpaka Johnson anamuchotsa mu Januwale 1866. Kukana kwake sikunapulumutse minda. Asilikali a boma lomwelo anabwera kudzachotsa amene anakana kusaina, ndipo amene anatsala ndi malo anali ochepa. Ndiye funso loti ndani anachita bwino pakati pa awiriwa silophweka monga ndikanafunira. Komabe ndikanakhala mmodzi wa anthu a mu tchalitchi muja, ndikudziwa nkhope imene ndikanaikumbukira.

Malo atalephereka, Howard anaika mtima wake wonse pa sukulu, ndipo apa ndiyenera kumupatsa ulemu wake. Bungwe lake linali ndi antchito osapitirira 900 kummwera konse, ambiri a iwo akuopsezedwa ndi magulu ngati Ku Klux Klan, amene ankawotcha masukulu ndi kumenya aphunzitsi. Ngakhale zinali choncho, linagawa chakudya kwa anthu akuda ndi azungu osauka omwe, linatsegula zipatala, linalembetsa maukwati amene ukapolo sunkawawerengera, linathandiza anthu kufufuza ana ndi akazi awo amene anagulitsidwa kutali. Mogwirizana ndi mabungwe a mishoni komanso anthu akudawo, amene ankasonkha okha ndalama ndi kumanga okha makalasi, linathandiza kutsegula masukulu oposa 1,000. Agogo a imvi ankakhala pa benchi limodzi ndi zidzukulu zawo kuphunzira zilembo, ambiri chifukwa ankafuna kuwerenga Baibulo okha asanafe. Mu 1867 Howard anagwiritsa ntchito ndalama za bungwelo kugula maekala 375 ku Washington, malo otchedwa Barry Farm, n'kuwagulitsa ekala imodziimodzi kwa mabanja a anthu akuda. Kuchoka pa 40 kufika pa imodzi. Koma imodziyo inali yawoyawo.

Chaka chomwecho, pa 2 Malichi, Howard University inavomerezedwa mwalamulo, ndipo iye anaitsogolera kuyambira 1869 mpaka 1874. Inatsegulidwa kwa aliyense mosayang'ana khungu kapena kuti ndi mwamuna kapena mkazi, moti ophunzira ake oyambirira anali atsikana achizungu, ana a amene anaiyambitsa. Kumeneku n'kumene Thurgood Marshall anaphunzira zamalamulo, yemwe mu 1954 anapambana mlandu umene unathetsa tsankho m'masukulu a boma. Nnamdi Azikiwe wa ku Nigeria anadutsako, Kamala Harris nayenso. Ndipo masukulu a anthu akuda amene anaphuka m'zaka zimenezo anafika mpaka kwathu kuno: Meharry ya ku Nashville, kumene Kamuzu anamaliza maphunziro a udokotala mu 1937, inayamba mu 1876 kuti iphunzitse ana a akapolo omasulidwa. Ngakhale mu mpingo wake ku Washington Howard analimbana ndi abusa ake omwe kuti anthu akuda aloledwe kukhala mamembala, mpaka mpingo unagawanika. Adani ake anamunena za kusakaza ndalama za boma. Anafufuzidwa mu 1870 ndi mu 1874, ndipo maulendo onse awiri sanamupeze wolakwa, ngakhale mabuku a ndalama a bungwelo anali osokonekera ndithu.

Nkhani ikanathera apa bwenzi ndikunena kuti anali munthu wabwino amene anagwa m'manja mwa pulezidenti woipa. Koma Howard anali akadali msilikali, ndipo ntchito ya asilikali a America m'zaka zimenezo inali kumadzulo, kolanda dziko la mitundu imene azungu anaipeza kumeneko.

Poyamba zinaoneka ngati zimuyendera. Mu 1872 Pulezidenti Grant anamutuma ku Arizona kukakambirana ndi Cochise, mfumu ya Apache imene inamenyana ndi boma zaka zoposa 10. Howard analowa m'mapiri a Dragoon wopanda gulu la nkhondo, ali ndi womuthandiza mmodzi, otsogolera njira awiri a Chiapache, ndi mzungu wina dzina lake Tom Jeffords amene Cochise ankamukhulupirira. Cholinga chinali chosamutsira anthuwo ku New Mexico. Cochise anapempha kuti akhale m'mapiri a kwawo, ndipo Howard anavomera. Izi zikundionetsa kuti munthuyu ankatha kupinda uthenga umene wapatsidwa akafuna. Cochise anasunga panganolo mpaka imfa yake mu 1874. Boma ndilo linaliphwanya mu 1876.

Kenako panabwera a Nez Perce. Mtundu umenewu unkakhala mwamtendere ndi azungu kwa zaka zambiri. Pangano la 1855 linawasiyira dziko lalikulu, koma golide atapezeka, pangano lina la 1863 linadula dzikolo n'kutsala gawo limodzi mwa magawo 10. Mafumu ena anasaina, ena anakana. Mwa okanawo munali bambo ake a Chief Joseph, a ku chigwa cha Wallowa ku Oregon, amene asanamwalire mu 1871 analangiza mwana wawo kuti asadzagulitse mafupa a makolo ake. Howard atafika kuderali, analemba mu lipoti lake la 1875 kuti kulanda chigwacho kwa Joseph ndi anthu ake kungakhale kulakwitsa kwakukulu. Mawu ake omwe.

Patangotha zaka ziwiri, mu Meyi 1877, ndi iye amene anakhala pa msonkhano ku Fort Lapwai kuwauza kuti asamuke. Wowayankhulira anali nkhalamba ina, Toohoolhoolzote, wa chipembedzo cha makolo, amene ankabwereza kuti nthaka ndi mayi wawo ndipo munthu sagulitsa mayi ake. Howard anapsa mtima. Anati watopa kumva zimenezo, alowe mu nkhani yeniyeni, ndipo mkuluyo atapitiriza anamutsekera m'chitokosi. Ine ndimaona kuti apa chikhulupiriro chake chinamuchita zosiyana ndi za ku Edisto. Ku Edisto kuja anthu ankaimba nyimbo za Mulungu amene iye ankamudziwa, ndipo kulira kwawo kunamufika pamtima ngakhale sanasinthe uthenga. Kuno anamva mawu a munthu amene iye ankamuona ngati wachikunja, ndipo makutu anatsekeka. Anawapatsa masiku 30 oti asonkhanitse ng'ombe ndi mahatchi awo n'kuwoloka mtsinje wa Snake uli wosefukira.

Anthuwo anayamba kusamuka, ziweto zina zikukokoloka ndi madzi. Masiku atatsala pang'ono kutha, anyamata angapo amene anali ndi mangawa akale, wina bambo ake anaphedwa ndi mzungu popanda mlandu kuzengedwa, anapha azungu obwera kudzakhala m'deralo. Nkhondo inayamba. Pa 17 Juni ku White Bird Canyon asilikali 34 a boma anaphedwa. Kuchokera pamenepo anthu pafupifupi 750, ambiri a iwo amayi, ana ndi okalamba, anayenda makilomita oposa 1,800 kudutsa mapiri a Idaho, Montana ndi nkhalango ya Yellowstone, Howard ali pambuyo pawo. Ankangotsalira masiku awiri nthawi zonse, moti a Nez Perce anamupatsa dzina limene m'Chichewa tingati General Mkucha. Ku Big Hole, mu Ogasiti, gulu lina la asilikali linawaukira mbandakucha ali m'tulo n'kupha anthu ambiri, kuphatikizapo amayi ndi ana. Pomaliza mkulu wina wa asilikali a boma, Nelson Miles, anawatsekereza ku mapiri a Bear Paw, makilomita pafupifupi 65 okha kuti alowe mu Canada. Kunali kuzizira koopsa, ana analibe zofunda, ndipo Toohoolhoolzote anali m'gulu la ophedwa. Pa 5 Okutobala 1877 Joseph anapereka mfuti yake, Howard ndi Miles ali pomwepo, atauzidwa kuti anthu ake abwezedwa ku Idaho.

Sherman, amene tsopano anali mkulu wa asilikali onse, anakana. Anthu oposa 400 aja anatumizidwa ku Kansas, kenako kudera lotentha limene lero ndi Oklahoma, kumene ambiri, makamaka ana, anafa ndi malungo. Analoledwa kubwerera chakumpoto mu 1885, koma Joseph ndi gulu lake anawapititsa ku Colville m'chigawo cha Washington, osati ku Wallowa.

Howard anapitiriza kukwera. Anayang'anira West Point mu 1881 ndi 1882, analandira mendulo yapamwamba kwambiri ya usilikali mu 1893 chifukwa cha tsiku lija anataya mkono, ndipo anapuma pa ntchito mu 1894. Ali wokalamba anathandiza kuyambitsa sukulu ina, Lincoln Memorial University, mu 1897, m'mapiri a Tennessee, ya ana a azungu osauka a kumeneko. Ankayenda m'mipingo kulalikira ndi kupempha ndalama za sukuluyo mpaka kumapeto kwa moyo wake.

Mu 1904 iye ndi Joseph anakumana pa mwambo wa sukulu ya ku Carlisle ku Pennsylvania, nkhalamba ziwiri, ndipo anajambulitsa chithunzi ali limodzi. Joseph anali atapempha kangapo, mpaka kukafika ku Washington, kuti aloledwe kukakhala ku chigwa kumene kuli manda a bambo ake. Anamwalira mu Sepitembala chaka chomwecho ndipo anaikidwa ku Nespelem, kutali ndi Wallowa. Howard anamwalira pa 26 Okutobala 1909 ku Burlington, m'chigawo cha Vermont, kumene anasankha yekha kukakhala atapuma pa ntchito, ndipo anaikidwa komweko.